Funsani Wojambula: kodi za fashoni ndi mekiapu zingandidyetse?

Mwezi uno mauthenga ambiri omwe mwatumiza akuzungulira pa nkhani imodzi, ya achinyamata amene akufuna kudzilemba okha ntchito yojambula zovala, mekiapu ndi tsitsi. Ndasankhapo angapo, ena ndawafupikitsa kuti malo akwane, mayina tachotsa ngati mwa nthawi zonse.

FUNSO: Akulu, ine ndi mnyamata wa zaka 22, ndimakhala ku Chilomoni. Ndimajambula ndi foni ndipo anzanga amati ndili ndi diso. Ndikufuna ndizijambula za fashoni ngati zomwe timaona pa Instagram zija koma kamera ndilibe, kandalama komwe ndasunga pa maganyu nkochepa. Ndiyambire pati, komanso kuno kwathu alipodi amene amalipira zimenezi kapena ndingotayapo nthawi?

YANKHO: Achimwene, ndiyambe ndi funso lanu lachiwirilo chifukwa ndi lomwe ambiri safunsa, amathamangira kugula kamera kenako nkumadabwa kuti foni sikulira. Olipira alipo koma si amene mukuwaganizira. Kuno tilibe magazini ambiri a fashoni oti azikulembani mwezi ndi mwezi, ndipo zochitika ngati Mzuzu Fashion Week kapena Miss Malawi sizichitika sabata iliyonse, simungadalire zimenezo kuti mulipire lendi. Ndalama yanu ili ndi mayi wosoka uja wa pakhonde ku Limbe amene amasoka madiresi a chitenje okongola kwabasi koma amawajambula atapachika pa hang'ala kumbuyo kukuoneka mabigili, ili ndi mtsikana wopaka mekiapu akwati, wa saluni, wogulitsa mawigi ndi zikhadabo, wa kabutiki amene amaoda ku Dar es Salaam kapena ku Joni nkumagulitsa pa WhatsApp status, olo wa kaunjika wosankha uja. Onsewa amagulitsa ndi chithunzi. Kasitomala wawo asanagwire nsalu amayamba waona chithunzi, nde inu mukapanga chithunzi choti diresi lomwe lakhala mwezi wonse osayenda ligulidwe mawa lake, adzakuitananinso popanda kuwanyengerera.

Ndiye ntchitoyi muimvetse bwino kuyambira pano. Chithunzi cha fashoni chimajambulidwa kuti chovala chioneke, osati kuti anthu adziwe kuti muli ndi lenzi yodula. Ndimaona anyamata ambiri akujambula diresi pa f/1.8, ndiye kuti bowo lolowera kuwala mu lenzi alitsegula kwambiri, kuti kumbuyo kusungunuke, nkhope ili shapu koma kolala, mabatani ndi msoko zonse mbuu, pomwe telala anagona mochedwa chifukwa cha msoko umenewo. Tsekani pang'ono, f/4 kapena f/5.6, mujambule kutsogolo, kumbuyo, m'mbali, ndi chapafupi choonetsa nsalu. Chovala chisitidwe musanayambe, ndipo muziyenda ndi mapini ndi mapegi ogwirira kumbuyo ngati chamukulira modelo, zimenezi zimakupulumutsani maola ambiri pa kompyuta.

Za kamera, musatenge ngongole. Kwacha itatsika ndi 44% mu November 2023 zida zonse zinakwera mtengo chifukwa palibe chomwe timapanga kuno, nde yambani ndi yogwiritsidwa kale ntchito. Canon 600D kapena 700D, Nikon D3300 kapena D5300, zonsezi zikugwirabe ntchito bwinobwino. Muwonjezere lenzi ya 50mm f/1.8 basi, pa makamera amenewa imajambula nkhope bwino osaitupitsa mphuno ngati momwe imachitira foni mukayandikira kwambiri. Mukasankha Nikon ya mtundu umenewu onetsetsani kuti lenziyo ndi ya AF-S, ija yakale ya D siidzifokasa yokha pa makamera amenewa. Pogula funsani shutter count, chiwerengero cha zithunzi zomwe kamerayo yajambula kale, yang'anani mkati mwa lenzi ndi tochi ya foni ngati mulibe nkhungu, jambulani khoma loyera pa f/16 muone ngati sensa, kachipangizo kolandira kuwala mkati mwa kamera, ili ndi madontho, ndipo musatumize ndalama pa Airtel Money kapena Mpamba kwa munthu wa pa Facebook kamera musanaigwire m'manja.

Pomwe mukusonkhanitsa ndalamayo foni yanuyo isagone, phunzirani nayo kuwala. Dzuwa lathu la masana ndi lankhanza, limasiya mithunzi m'maso ndi pansi pa mphuno, nde jambulani m'mawa isanakwane 8 kapena madzulo ikadutsa 4, mukudziwa kuti kuno kumada msanga nde musachedwe ndi macheza. Masana mulowetse modelo pamthunzi wa khonde ayang'ane kunja komwe kukuchokera kuwala. Inu a ku Blantyre muli ndi mwayi wina, masiku a chiperoni aja mitambo imafewetsa kuwala tsiku lonse, anthu amadandaula kuzizira koma kwa ife ndi tsiku la ntchito. Rifulekita, chobwezera kuwala pa nkhope ya munthu, mutha kupanga nokha ndi katoni yomatidwa pepala loyera.

Ndimakonda kuwauza achinyamata za Seydou Keïta wa ku Mali. Anatsegula situdiyo yake ku Bamako mu 1948, ankajambula kwambiri ndi kuwala kwa dzuwa pabwalo, kumbuyo nkupachika nsalu yamaluwa, ndipo anthu ankabwera atatchena zovala zawo zabwino kwambiri. Zithunzi zimenezo lero zili m'nyumba zikuluzikulu zoonetsera zaluso ku Ulaya ndi ku America. Mnzake wa mumzinda womwewo, Malick Sidibé, amene ankajambula achinyamata m'madansi, analandira mphotho yaikulu ya zaluso yotchedwa Golden Lion ku Venice mu 2007. Awiri onsewa ankajambula anthu a kwawo atavala za kwawo, ndipo inu muli ndi chitenje, makoma akale a ku Mandala, minda ya tiyi ya ku Thyolo ndi mchenga wa ku Mangochi, sindikuona chifukwa choti muzikopera zithunzi za chipale chofewa.

Potifoliyo, zithunzi zoonetsera makasitomala ntchito yanu, mupange chonchi, pezani telala mmodzi, wa mekiapu mmodzi ndi modelo mmodzi amene nawonso akuyamba kumene, aliyense abweretse luso lake, zithunzi mugawane nonse. Pa Instagram panu muike zabwino zokhazokha olo zikhale 12, ndipo musasakanize ndi zithunzi za maliro, za mpira ndi za patchalitchi, munthu akatsegula adziwe pompo kuti uyu amajambula chani.

FUNSO: Ine ndi mtsikana, ndimajambula ku Area 25. Vuto langa ndi loti makasitomala ambiri akaona zithunzi amati mwandidetsa, tandiyeretsaniko pang'ono. Wina anakana kumaliza kulipira. Koma ndikawayeretsa wa mekiapu amadandaula kuti faundeshoni yake sikuoneka momwe anapakira. Nditani akulu?

YANKHO: Achemwali, funso lanu landikhudza kwambiri ndipo ndikhalapo pang'ono. Choyamba tisathamangire kumuweruza kasitomala, nthawi zina amakhala akunena zoona, chithunzicho chimakhaladi chakuda kuposa momwe iye alili. Kamera siidziwa kuti ikujambula munthu, imangoyeza kuwala konse nkuyesa kukufikitsa pakatikati. Nde mukamuimika munthu wakhungu lakuda patsogolo pa khoma loyera, kapena mkwati wavala diresi loyera lalikulu, kamera imaganiza kuti kwawala kwambiri nkuchepetsa, diresi limatuluka bwino koma nkhope imamira. Ngati mumajambula pa auto zimenezi zizikuchitikirani tsiku lililonse. Pitani pa manual, yezani kuwala pa tsaya la munthuyo, jambulani RAW, fayilo yosunga zonse zomwe kamera yaona, osati JPEG kuti muthe kukonza pambuyo pake osaononga khungu, ndipo white balance, yomwe imalinganiza mitundu molingana ndi kuwala, muiike nokha chifukwa mababu a m'masaluni ambiri amapangitsa khungu kuoneka lobiriwira kapena lotuwa.

Vutoli ndi lakale. Kuyambira zaka za m'ma 1950 malabu otsuka mafilimu a Kodak ankayezera mitundu pa kakhadi kotchedwa Shirley, komwe kanali ndi chithunzi cha mzimayi wachizungu, ndipo khadi lokhala ndi akazi a makungu osiyanasiyana linadzabwera zaka za m'ma 1990. Ndiye kuti kwa nthawi yaitali zida zathuzi sizinkapangidwa poganizira nkhope ngati yanga ndi yanu. Makamera a lero ali bwino kwambiri koma mapreseti ambiri, zoeditira mitundu zokonzeratu, omwe achinyamata akudawuniloda aulere anapangidwira khungu loyera, mukawaika pa munthu wa kwathu amatuluka ngati wadzola phulusa kapena wofiira ngati njerwa. Asiyeni amenewo, muphunzire kukonza mitundu nokha mu pulogalamu yoeditira zithunzi ya Lightroom.

Khungu lakuda limakongola ndi kunyezimira kwake. Silifuna kuwala kwamphamvu, limafuna kuwala kwakukulu ndi kofewa komwe kakuyenda pa chipumi, pa tsaya ndi pa phewa nkuonetsa mmene nkhope inaumbidwira. Nde musamuwombe fulashi ya pamwamba pa kamera pamaso, iwombeni kukhoma loyera kapena muiike mu softbox, kabokosi kofewetsa kuwala, chapambali pafupi ndi munthuyo, mbali inayo muike rifulekita yoyera. Ya golide ija muzisamala nayo, imasandutsa anthu olenji. Modelo adzole mafuta pang'ono m'manja, m'zigongono ndi m'maondo kuti asatuwe. Wa mekiapu naye mukambirane musanayambe, mapaudala ena okhala ndi silica amabweza kuwala kwa fulashi nkusiya zoyera pansi pa maso zomwe ndi maso simuziona, nde jambulani chimodzi choyesera muonere limodzi, muonenso ngati nkhope ndi khosi zikufanana mtundu.

Mukachita zonsezi mudzaona kuti madandaulo ambiri atha okha, chifukwa ambiri akamati ndiyeretseni amatanthauza kuti ndioneke wowala, wamoyo, osati wozimiririka. Koma alipo ena amene amafunadi kuti muwasinthe mtundu, ndipo apa maganizo anga ndi oti ayi, ine sindichita ndipo sindikulimbikitsani. Tikuona tonse momwe mafuta oyeretsa khungu akuonongera asungwana athu, masaya kupsa, zala kuda nkhope ili yoyera, ena mwa mafutawo amakhala ndi mercury kapena hydroquinone, mpaka dziko ngati Rwanda linachita kuwaletsa nkuwachotsa m'mashopu. Ifeyo ojambula tikamayeretsa aliyense pa kompyuta timakhala tikuwauza ana amene akuona zithunzizo kuti kukongola ndi kuyera, ndipo mawa ndi iwo akukagula timabotolo tija pamsika. Palinso nkhani ya bizinesi yeniyeni, wa mekiapu uja akunena zoona, chithunzi chake chikanama mkwati wotsatira adzabwera akufuna mtundu womwe faundeshoni singapereke, ndipo telala akagulitsa diresi looneka lofiira pa chithunzi pomwe ndi la maruni kasitomala amabweza.

Poedita ine lamulo langa ndi ili, chomwe chichoke chokha pakatha masabata awiri ndimachotsa, chiphuphu, tsitsi losokonekera, lipisitiki yopita pa dzino. Chomwe ndi chake cha munthuyo, mtundu wa khungu, kadontho kobadwa nako, mpata wa mano, ndimasiya pokhapokha tikambirane. Ndipo khungu lizioneka kuti ndi khungu, timabowo take tizioneka, osalisalaza mpaka munthu kukhala ngati chidole cha pulasitiki. Kasitomala mumuonetse ntchito zanu zakale asanalipire dipoziti, mumuuze kuti ine ndimajambula chonchi, ndipo pa tsikulo muzimuonetsa kumbuyo kwa kamera kuti agwirizane nazo pompo. Potumiza gwiritsani document pa WhatsApp chifukwa mukatumiza wamba imafinya chithunzi nkuononga mitundu yomwe mwavutikira.

FUNSO: Akulu, pali dizaina wina wodziwika amene akufuna ndimujambulire zovala zake zatsopano koma akuti alibe bajeti, andipanga tag anthu andidziwe. Aka nkachitatu. Komanso sindidziwa kutchaja, ndikatchula mtengo anthu amathawa. Ndine wa ku Mzuzu.

YANKHO: Kachitatu ayi achimwene. Koyamba mwina munkafuna zithunzi za potifoliyo, zinali zomveka, koma munthu amene akugulitsa zovala ndi zithunzi zanu nkumabweranso ndiye kuti zithunzizo zikumugwirira ntchito, akulipira nsalu, akulipira telala, alipirenso inu. Kugwira ntchito yaulere kumakhala bwino pokhapokha nonse simukupezapo ndalama ndipo nonse mukutengapo kanthu. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, tag ija simungagulire batire. Muwayankhe mwaulemu, muwauze kuti mwasangalala kugwira nawo ntchito ndipo kuyambira pano mtengo wanu ndi uwu, mutha kuwachotserako pang'ono ngati kasitomala wakale koma pa invoisi mulembe mtengo wonse kenako kuchotserako, adziwe chomwe apatsidwa.

Mtengo weniweni sindikuuzani chifukwa momwe zinthu zikukwereramu pofika mwezi wamawa ukhala utatha ntchito, koma kawerengedwe kake ndi aka. Lembani thiransipoti yanu ndi ya wokuthandizani, bandulo yotumizira zithunzi, malo ngati mukubwereka, chakudya cha pa tsikulo. Kenako maola, ndipo apa ndi pomwe ambiri amadzibera okha, amawerenga maola awiri ojambula nkuiwala usiku wonse womwe akhale pa laputopu, chithunzi chimodzi cha mekiapu chapafupi chimatha kudya ola lathunthu. Muwonjezere kandalama ka kutha kwa zida chifukwa kamera ili ndi moyo wake ndipo tsiku lina mudzafuna ina. Mukaphatikiza ndi phindu lanu, umenewo ndiye mtengo. Muzitchaja potengera zovala zingati kapena zithunzi zoedita zingati, munene kuti akafuna zoonjezera chilichonse ndi mwakuti, apo ayi mudzapezeka mukuedita zithunzi 80 pa mtengo wa 10.

Dipoziti theka musanatuluke pakhomo, zithunzi zonse zipite akamaliza kulipira, zoonera muziika watermark, chizindikiro chanu pamwamba pa chithunzi. Ena athawadi, asiyeni. Ndipo musachite manyazi kujambula maukwati, zinkhoswe ndi ma bridal shower nyengo yake ikafika, ojambula fashoni ambiri kuno ndi momwe amagulira malenzi, komanso kumeneko ndi komwe mumakumana ndi a mekiapu ndi osoka amene mawa akhale makasitomala anu. Bizinesi ikayamba kuyenda mulembetse ndipo mutenge nambala ya msonkho ku MRA, makampani akuluakulu salipira munthu wopanda mapepala.

FUNSO: Ndinajambula modelo wina kuti aike pa Instagram pake, pano ndaona chithunzicho pa chikwangwani cha shopu ya zodzoladzola mtauni, dzina langa anadula. Ndingatani?

YANKHO: Zithunzi ndi zina mwa ntchito zomwe lamulo la Copyright Act la 2016 limateteza, ndipo bungwe loona zimenezi ndi COSOMA, likulu lawo lili ku Lilongwe. Musayambe ndi kutukwana pa Facebook. Jambulani chikwangwanicho, sungani fayilo yanu ya RAW chifukwa ndi umboni woti chinachokera mu kamera yanu, sungani mauthenga omwe munalemberana ndi modeloyo, kenako mulembere a shopuyo kalata yaulemu yowauza kuti chithunzicho ndi chanu ndipo mtengo wochigwiritsa ntchito pa chikwangwani ndi wakuti. Ambiri amakhala sakudziwa nkomwe, anangopatsidwa. Akakana pitani ku COSOMA akakuunikireni.

Kutsogoloku chilichonse chizilembedwa, olo pa WhatsApp pomwepo bola winayo ayankhe kuti ndavomera. Mulembe kuti zithunzi azigwiritsa ntchito pati, kwa nthawi yaitali bwanji, ndipo kuti sangapatse munthu wina. Mtengo wa Instagram ndi wina, wa chikwangwani ndi wina. Dziwaninso kuti nkhope ndi ya modelo, nanunso simungagulitse chithunzi chake kwa kampani iye asanasaine kuti walola.

FUNSO: Ine ndine mayi, si wojambula. Mwana wanga wamkazi wa zaka 17 walemberedwa ndi wojambula wina pa Instagram kuti ali ndi thupi la umodelo, akufuna akamujambule ku loji ndipo akuti apite yekha kuti asachite manyazi. Mwanayo akulira kuti ndikumutsekera mwayi. Ndine wa ku Zomba.

YANKHO: Mayi, mwachita bwino kumuletsa ndipo musasinthe. Kuyambira 2017 malamulo a dziko lino amati aliyense wosakwana zaka 18 ndi mwana, nde wojambula weniweni amayamba walankhula ndi inu kholo, amakuuzani zomwe mwanayo avale, komwe zithunzi zipite, nkukupemphani kuti musaine komanso mukhalepo. Mawu oti abwere yekha ndi okwanira kuti mudziwe kuti palibe chabwino. Mauthengawo musafufute, ndipo ngati munthuyo wapempha zithunzi zosavala kapena akumuopseza, pitani ku Victim Support Unit kupolisi kapena imbani 116, nambala yothandiza ana. Lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016 limaletsa zimenezi.

Mwanayo musamukalipire, maloto ake si olakwa. Mumuuze kuti mupita naye nokha kwa wojambula wodziwika, masana, pamalo poti pali anthu, ndipo mufunseko atsikana ena amene anajambulidwapo ndi munthuyo.

Kwa inu anyamata amene mukulowa ntchitoyi ndikupempheni, modelo musamugwire, tsitsi kapena kolala ikapindika muuzeni akonze yekha kapena akonze wa mekiapu, pakhale malo obisika osinthira zovala, ndipo akafuna kubwera ndi mnzake muloleni. Atsikanawa amauzana, ndipo dzina likaipa pa nkhani imeneyi palibe saluni yomwe idzakuitaneninso.

FUNSO: Lenzi yanga yayamba timizere ngati ukonde wa kangaude mkati, komanso memori khadi inafa ndi zithunzi za kasitomala. Thandizeni. Wa ku Nkhata Bay.

YANKHO: Imeneyo ndi nkhungu achimwene, imabwera ndi chinyontho cha kunyanjako makamaka nthawi ya mvula, ndipo ikakhalitsa imadya galasi. Musaitsegule nokha, ipititseni kwa wokonza msanga ndipo muichotse pafupi ndi malenzi ena. Zida musazisunge mu chikwama chotseka pansi pa bedi, gulani kontena ya pulasitiki yotseka bwino muikemo timapaketi ta silica tija timabwera m'mabokosi a nsapato, muzitiumitsa pafupipafupi. Nthawi ya fumbi musasinthe lenzi panja mphepo ikuomba.

Khadi ija musajambulirenso kapena kuifomata, nthawi zambiri zithunzi zimabwerera ndi pulogalamu ngati PhotoRec kapena Recuva bola simunalembepo zina. Makhadi muzigula odalirika chifukwa abodza achuluka pamsika, muzifomatira mu kamera osati pa kompyuta, ndipo tsiku lomwelo mwajambula mukopere pa laputopu ndi pa hadi diraivi ina musanagone, magetsi akazima mudikire abwere koma khadiyo isafufutidwe mpaka zithunzi zikhale malo awiri. Kasitomalayo muimbireni lero mumuuze zomwe zachitika, ndipo zikakanika kubwerera mumujambulenso mwaulere.